Mmene wogulitsa pa intaneti angawerengere ndi kulipira msonkho wa malonda ake

Munthu wolembedwa ntchito savutika kwambiri ndi nkhani ya msonkho, chifukwa abwana ake amaudula pa malipiro ndi kukaupereka ku boma ndalamazo zisanafike n'komwe m'manja mwake. Munthu wogulitsa malonda ake pa intaneti, kaya ndi pa eBay, pa Etsy, pa Amazon kapena kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, alibe womuchitira zimenezo. Ndalama zimalowa zosadulidwa msonkho, ndipo n'zosavuta kuziona ngati zonse ndi zake, pomwe gawo lina ndi mpamba wopikulira katundu wina ndipo gawo linanso ndi la bungwe lotolera misonkho. Udindo wowerengera, kusunga ndi kupereka gawo la bomalo uli pa iye yekha. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, choncho ndipereka zitsanzo za ku America, ku Britain ndi ku European Union, kumene malamulo okhudza ogulitsa pa intaneti analembedwa mwatsatanetsatane. Ziwerengero zake zimasintha chaka ndi chaka ndipo muyenera kuzitsimikiza ku bungwe la misonkho la dziko limene mukukhala, koma ndondomeko ya ntchitoyi ndi yofanana pafupifupi kulikonse.

Choyamba ndi kudzifunsa moona mtima ngati zimene mukuchitazo ndi malonda kapena mukungotulutsa katundu wakale m'nyumba. Munthu amene wagulitsa njinga imene mwana wake wasiya kukwera, pa mtengo wotsika kuposa umene anagulira, sanapeze phindu lililonse, ndipo kugulitsa kotere nthawi zambiri kulibe msonkho. Ku America salipira kanthu pa njingayo, komanso saloledwa kuchotsera kuluzako pa ndalama zina zimene amapeza. Zinthu zimasintha mukayamba kupikula katundu ndi cholinga chomugulitsa, kupanga zinthu ndi manja anu kuti zipite pamsika, kapena kugulitsa mobwerezabwereza sabata ndi sabata. Bungwe lotolera misonkho ku Britain, lotchedwa HMRC, limayang'ana zizindikiro monga cholinga chopeza phindu, kuchuluka kwa malonda, kufupika kwa nthawi pakati pa kugula ndi kugulitsa, ndiponso ngati katunduyo munamukonza kuti akwere mtengo. Sizitengera kuti muli ndi shopu kapena ayi, ndipo kukhala pa ntchito yolembedwa masana sikuphimba malonda amene mumachita madzulo, chifukwa msonkho umene abwana amadula ndi wa malipiro okhawo.

Mukatsimikiza kuti ndi malonda, fufuzani malire amene dziko lanu linaika ndipo mulembetse mukawafika. Ku Britain chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo ndi kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira, ndipo munthu amene malonda ake sanapitirire mapaundi 1,000 m'chakacho nthawi zambiri safunika kulembetsa. Akapitirira, ayenera kulembetsa ku HMRC pofika pa 5 Okutobala chaka cha msonkhocho chitatha, ndipo amapatsidwa nambala yakeyake ya manambala khumi yotchedwa UTR. Ku America bungwe lotolera misonkho la IRS limafuna kuti munthu atumize fomu ya msonkho ngati phindu la ntchito yodzilemba yekha lafika madola 400. Onetsetsani kuti malire awiriwa akuyeza zinthu zosiyana, chifukwa a ku Britain akuyeza ndalama zonse zogulitsa musanachotse kanthu, pomwe a ku America akuyeza phindu lotsala mutachotsa zimene mwawononga. Choncho mukamawerenga malire a dziko lanu, funso loyamba likhale lakuti akuwerengera pa ndalama zonse zolowa kapena pa phindu.

Chachitatu ndi chachidule, koma chimapeputsa ntchito yonse yotsatira. Lekanitsani ndalama za malonda ndi ndalama za pakhomo. Tsegulani akaunti ina, ya kubanki kapena ya pa foni, imene ndalama zonse za makasitomala zizilowamo ndiponso imene muzilipirira chilichonse cha malonda. Mukafuna ndalama zogwiritsa ntchito pakhomo, zitumizeni ku akaunti yanu ya masiku onse ndipo mulembe kuti mwatapa. Ndalama zotapazo si malipiro oti muchotsere pa phindu, pakuti kwa munthu wochita malonda payekha msonkho umawerengedwa pa phindu lonse, kaya walidya kapena walisiya mu akaunti.

Pachinayi ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pa kusunga kaundula. Msonkho umalipidwa pa phindu, koma phindu ndi chinthu chimene muyenera kuchionetsa ndi umboni. Bungwe lotolera misonkho likhoza kudziwa mosavuta ndalama zimene zinalowa, chifukwa mabanki ndi misika ya pa intaneti ili ndi kaundula wake, koma zimene zinatuluka limazidziwa pokhapokha inu mutazionetsa. Ndalama iliyonse imene munawononga pa malonda koma mulibe umboni wake ikhoza kukanidwa, ndipo mukatero mumalipira msonkho pa ndalama imene simunadyepo. N'chifukwa chake ndimaona kuti kaundula amateteza wogulitsa kuposa mmene amathandizira boma.

Kope wamba kapena tsamba la Excel ndi lokwanira, bola muzilemba tsiku lomwelo. Pa chilichonse chogulitsa lembani tsiku, katundu, mtengo wonse umene kasitomala walipira kuphatikizapo ndalama yotumizira, komishoni imene msika wadula, ndi ndalama imene yalowadi mu akaunti. Pa chilichonse chogula lembani tsiku, kumene mwagula, mtengo, ndi chifukwa chake. Malisiti a pepala lopyapyala lotuluka m'makina amafufutika pakapita miyezi ingapo, makamaka akasungidwa potentha, mpaka kutsala pepala loyera losawerengeka, choncho ajambuleni ndi foni tsiku limene mwawalandira ndipo zithunzizo muzisunge m'mafoda a mwezi ndi mwezi. Mukagula kwa munthu amene alibe lisiti, lembani nokha kapepala kosonyeza tsiku, katundu ndi mtengo, ndipo ngati n'kotheka mulipireni kudzera ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni wina. Kumapeto kwa mwezi uliwonse koperani lipoti la malonda anu kuchokera pa msika wa pa intaneti ndi kulisunga pa kompyuta yanu, chifukwa akaunti ya wogulitsa ikhoza kutsekedwa mwadzidzidzi inu n'kulephera kuonanso mbiri yanu. IRS imalangiza kusunga zolemba zotere kwa zaka zosachepera zitatu, ndipo HMRC imafuna zaka zisanu kuchokera pa tsiku lomaliza lotumizira fomu ya chakacho.

Chaka chikatha, werengerani phindu. Tiyerekeze kuti wogulitsa wina ku America wagulitsa katundu wa madola 12,000 m'chaka. Pa ndalamazo wabweza madola 500 kwa makasitomala amene anabweza katundu, ndipo msika wadula madola 1,300 a komishoni ndi zolipirira zina, kotero kuti mu akaunti yake mwalowa madola 10,200. Katundu amene wagulitsayo anamupikula pa madola 5,200, kutumiza kwamudyera madola 1,400, makatoni ndi tepi zamudyera madola 300, ndipo kutsatsa malonda kwamudyera madola 300 ena. Akachotsa zonsezi pa madola 12,000, phindu lake ndi madola 3,000.

Wogulitsayu ali ndi ziwerengero zitatu, ndipo chilichonse chili ndi ntchito yake. Madola 12,000 ndi amene ayenera kulemba pa mzere wa ndalama zonse zogulitsa, chifukwa ndi amenenso msika ukauze boma. Madola 10,200 ndi ongothandiza poyerekeza kaundula wake ndi wa kubanki. Madola 3,000 ndi amene msonkho uwerengedwepo. Cholakwa chofala ndi kulemba madola 10,200 ngati ndalama zonse zogulitsa. Wochita zimenezi chiwerengero chake chimasiyana ndi chimene msika watumiza, zomwe zimabweretsa makalata ofunsa, ndipo akachotsanso komishoni pa ndalama imene yadulidwa kale komishoni amakhala wachotsera kawiri. Njira yolondola ndi kuyambira pa ndalama zonse ndi kuonetsa chochotsera chilichonse pa mzere wakewake.

Katundu wotsala amafunika kusamala naye. Ngati munapikula zinthu 100 koma mwagulitsa 70, ndondomeko ya nthawi zonse ndi yakuti muchotsere mtengo wa 70 zokhazo, ndipo 30 zotsalazo zidikire chaka chimene zidzagulidwe. Mayiko ena amalola amalonda ang'onoang'ono kuchotsera mtengo wonse pa nthawi imene alipira, ndipo ku Britain njira imeneyi ndi imene wochita malonda payekha amayendera kuyambira mu Epulo 2024 pokhapokha atasankha ina. Kaya mukuyendera njira iti, werengani katundu amene ali m'nyumba pa tsiku lomaliza la chaka cha msonkho, mulembe kuchuluka kwake ndi mtengo umene munagulira, ndipo musasinthesinthe njira chaka ndi chaka pofuna kuchepetsa msonkho.

Chimavuta kwambiri ndi zinthu zimene mumagwiritsa ntchito pa malonda komanso pakhomo, monga foni, intaneti, magetsi, galimoto ndi chipinda chosungiramo katundu. Simungachotsere mtengo wonse wa foni imene mumachezeranso ndi abale, komanso si bwino kusiya osachotsera kanthu. Pezani njira yomveka yogawira ndipo muilembe. Mwachitsanzo, onani mmene mwagwiritsira ntchito foni kwa mwezi wathunthu, ndipo ngati theka ndi la malonda, chotserani theka chaka chonse. Pa galimoto sungani kabuku kolembamo tsiku, kumene mwapita, mtunda ndi chifukwa cha ulendowo. Ku America kuli njira yachidule yolola madola 5 pa sikweya fiti iliyonse ya malo ogwirira ntchito m'nyumba, mpaka masikweya fiti 300, koma kawirikawiri malowo ayenera kukhala a malonda okhaokha, osati tebulo limene ana amalemberapo ntchito ya kusukulu madzulo. Ku Britain wogulitsa angasankhe kungochotsera mapaundi 1,000 aja m'malo mowerengera zowononga zake chimodzichimodzi, koma sangachite zonse ziwiri, choncho ayerekeze ndi kusankha chachikulu. Apa ndikupempha kuti musakokomeze. Kulemba zovala za masiku onse kapena chakudya cha pakhomo ngati zowononga za malonda kumachititsa kuti wofufuza akayikire ngakhale zochotsera zanu zoona.

Mukadziwa phindu, dziwani misonkho imene ikugwera pa phindulo, chifukwa nthawi zambiri siukhala umodzi. Pali msonkho wa ndalama zimene munthu amapeza, umene umawerengedwa pophatikiza phindu la malonda ndi malipiro a kuntchito ngati alipo. Palinso zopereka za penshoni ndi chithandizo cha boma, zimene wolembedwa ntchito amagawana ndi abwana ake. Ku America wodzilemba yekha amalipira mbali zonse ziwiri, zomwe ndi 15.3 peresenti, ndiye kuti 12.4 peresenti ya thumba la penshoni la Social Security ndi 2.9 peresenti ya thumba la chithandizo cha kuchipatala la Medicare, ndipo amawerengera pa 92.35 peresenti ya phindu. Wogulitsa wathu wa phindu la madola 3,000 alipira pafupifupi madola 424 a msonkho umenewu, ngakhale zitakhala kuti ndalama zake zonse ndi zochepa moti msonkho winawo sukumukhudza. Phindulo amalionetsa pa fomu ya Schedule C, msonkhowu amauwerengera pa Schedule SE, ndipo zonse zimapita limodzi ndi Form 1040. Theka la msonkhowu amaloledwa kulichotsera powerengera msonkho wa ndalama zopeza. Ku Britain zopereka zofanana nazo zimatchedwa National Insurance, ndipo wodzilemba yekha amayamba kulipira gawo lotchedwa Class 4 phindu likapitirira mapaundi 12,570.

Wogulitsa amene alinso pa ntchito yolembedwa asamale kwambiri. Mayiko ambiri ali ndi gawo la ndalama limene silikhomedwa msonkho, koma malipiro a kuntchito amakhala atadya kale gawolo, kotero kuti phindu la malonda limakhomedwa kuyambira pa dola yoyamba, nthawi zina pa mlingo wokwera.

N'chifukwa chake gawo lotsatira ndi kuika ndalama ya msonkho padera pa nthawi imene ndalama yalowa, osadikira kumapeto kwa chaka. Langizo langa ndi lakuti mwezi uliwonse muwerengere phindu la mweziwo ndi kusamutsira pakati pa gawo limodzi la magawo anayi ndi gawo limodzi la magawo atatu ku akaunti yosungira imene simuikhudza. Chaka choyamba chikadutsa mudzadziwa mlingo wanu weniweni ndipo mudzasintha. Chiyeso chachikulu chimabwera malonda akamayenda bwino, pamene mtima umati ndalama ya msonkhoyo ikapikulire katundu wina ndipo idzabwerera tsiku lolipira lisanafike. Katundu akhoza kuchedwa kuyenda, koma tsiku la msonkho silisuntha, ndipo wogulitsa amakakamizika kutchipitsa katundu kapena kukongola ndalama ya chiwongoladzanja kuti alipire.

Kenako lembani masiku olipirira pa kalendala. Popeza palibe amene amakudulani mwezi ndi mwezi, mayiko ambiri amafuna kuti muzilipirako chaka chili mkati. Ku America amene akuyembekezera kukhala ndi msonkho wa madola 1,000 kapena kuposerapo amalipira kanayi, pa 15 Epulo, 15 Juni, 15 Sepitembala ndi 15 Januwale, ndipo fomu ya chaka chonse imatumizidwa pofika pa 15 Epulo. Ku Britain fomu ya pa intaneti ndi msonkho wake zimafunika pofika pa 31 Januwale, ndipo amene msonkho wake wapitirira mapaundi 1,000 nthawi zambiri amalipiriratu za chaka chotsatira m'zigawo ziwiri, pa 31 Januwale ndi pa 31 Julayi. Zimenezi zimadzidzimutsa ambiri m'chaka choyamba, chifukwa amene msonkho wake ndi mapaundi 2,000 amapezeka kuti pa 31 Januwale akufunika kulipira mapaundi 3,000, kenako mapaundi 1,000 mu Julayi.

Musanatumize fomu, yerekezani ziwerengero zanu ndi zimene misika ya pa intaneti yatumiza ku boma. Kuyambira pa 1 Januwale 2023, lamulo la European Union lotchedwa DAC7 limalamula misika imeneyi kutolera mayina, nambala za msonkho ndi ndalama za ogulitsa ndi kuzipereka kwa otolera misonkho chaka chilichonse, kupatula ogulitsa katundu amene agulitsa kosakwana ka 30 komanso sanapitirire mayuro 2,000. Britain inayamba kutsatira malamulo ofanana pa 1 Januwale 2024, ndipo onsewa anachokera pa ndondomeko imene bungwe la mayiko loona za chuma la OECD linatulutsa mu 2020. Ku America ntchitoyi imachitika kudzera pa fomu ya 1099-K, imene imaonetsa ndalama zonse zolipidwa komishoni ndi zobweza zisanachotsedwe. Malamulowa sanabweretse msonkho watsopano, anangochititsa kuti boma liziona zimene kale silinkaziona. Komanso malire a malipotiwa si malire a msonkho. Munthu akhoza kutumiziridwa lipoti koma alibe msonkho wolipira chifukwa amagulitsa zovala zake zakale, ndipo wina akhoza kusalandira lipoti lililonse koma ali ndi msonkho chifukwa wapeza phindu. Ngati mumagulitsa pa misika ingapo kapena mumalandira ndalama zina pamanja, zonsezo ziphatikizeni.

Msonkho wa pa katundu wogulitsa, wotchedwa VAT m'mayiko ambiri, ndi nkhani ina yosiyana ndi msonkho wa phindu. Umenewu amalipira ndi kasitomala, inu mumangotolera m'malo mwa boma, ndipo ogulitsa ang'onoang'ono ambiri sufika powakhudza. Koma walira mvula walira matope, malonda akakula udindowu umabwera nawo. Ku Britain wogulitsa ayenera kulembetsa VAT malonda ake akapitirira mapaundi 90,000 m'miyezi 12 iliyonse yotsatizana, choncho ayenera kuyang'ana chiwerengerocho mwezi ndi mwezi osati pakutha pa chaka pokha. Ku European Union, kuyambira pa 1 Julayi 2021, wogulitsa wa m'dziko limodzi amene malonda ake opita kwa anthu a m'mayiko ena a mgwirizanowu apitirira mayuro 10,000 pa chaka amalipiritsa VAT ya dziko la kasitomala. Ku America, chigamulo cha khothi lalikulu pa mlandu wa South Dakota ndi Wayfair mu 2018 chinalola maboma a zigawo kulamula ogulitsa akutali kutolera msonkho wa pa malonda ngakhale alibe shopu m'chigawocho. Kumeneko misika ikuluikulu ngati eBay, Etsy ndi Amazon imatolera yokha msonkho umenewu pa malonda odutsa mwa iyo, koma amene amagulitsa pa tsamba lakelake ayenera kudzifufuzira. Ndipo wotumiza katundu kunja kwa dziko alembe mtengo weniweni pa fomu ya kasitomu, ngakhale kasitomala atamupempha kuti autsitse kapena alembe kuti ndi mphatso.

Tsiku lotumiza fomu likafika ndalama zisanakwane, tumizanibe fomuyo. Ambiri amabisala poganiza kuti palibe chifukwa chotumizira fomu alibe ndalama yolipira, koma chindapusa cha kusatumiza chimakhala chowawa kuposa cha kuchedwa kulipira. Ku America kusatumiza fomu kumabweretsa chindapusa cha 5 peresenti ya msonkho wosalipidwa mwezi uliwonse mpaka kufika pa 25 peresenti, pomwe kuchedwa kulipira kumabweretsa theka la peresenti imodzi pa mwezi. Ku Britain kuchedwa kutumiza fomu ndi tsiku limodzi lokha kumabweretsa chindapusa cha mapaundi 100 ngakhale munthu alibe msonkho wolipira. Mabungwe onse awiriwa amalola kulipira pang'onopang'ono munthu akapempha, ngakhale chiwongoladzanja chimapitirira kuwerengedwa.

Amene wakhala akugulitsa kwa zaka zingapo osalembetsa ayambe ndi kusonkhanitsa masitetimenti a kubanki ndi malipoti a misika a zaka zonsezo, awerengere phindu la chaka chilichonse pachokha, kenako apite yekha ku bungwe la misonkho lisanamulembere kalata, chifukwa wodziulula yekha nthawi zambiri amapatsidwa chindapusa chochepa kuposa wogwidwa. Ngati zakazo ndi zambiri, kapena pali malonda opita kunja, kapena malire a VAT anadutsidwa, alipire akauntanti wovomerezeka kuti amuthandize kukonza mafomuwo, ndipo lisiti la malipiro a akauntantiyo alisunge pamodzi ndi malisiti ena a malonda.